Bambo akudzandira ngati oledzera koma samwa mowa

MwanaWaDomue

Moni nonse. Bambo anga ali ndi zaka 62, amalima mbatatesi kwathu ku Domue, ku Mozambique. Dzulo m'mawa ali kudimba anangoona dziko likuzungulira, n'kuyamba kusanza. Chiyambire pamenepo akaimirira akumagwera kumanzere. Akati atenge kapu, dzanja lamanzere likumanjenjemera likamayandikira, mwina kuipitirira kumene. Mawu akutuluka mokoka. Koma nkhope sinapindike, ndipo akandigwira dzanja mphamvu zilipo ndithu.

Anthu ayamba kale manong'onong'o oti mkulu wampingo walawa kachasu, pomwe chibadwire changa sindinawaonepo ndi mowa. Azakhali akuti tipite kwa sing'anga. Chaka chatha anawapeza ndi tensão (kuthamanga kwa magazi), koma mapiritsi anasiya atayamba kupeza bwino. Kodi trombose (sitiroko) imabwera chonchi, nkhope osapindika?

NamwinoWaMoatize

Achimwene, musadikire mawa. Pezani galimoto muwatengere kuchipatala ku Ulónguè lero lomwe. Ndili kutali sindinganene motsimikiza, koma zimene mwafotokozazi ndi mmene trombose yakumbuyo kwa ubongo imabwerera.

Gwirani kunkhongo kwanu, pamwamba pa khosi. M'katimo muli kaubongo kakang'ono kotchedwa cerebellum. Kukula kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ubongo wonse, komatu maselo a ubongo opitirira theka ali mmenemo. Sikapereka mphamvu ayi. Ntchito yake ndi kuyeza kuti dzanja lifike pati, liime liti, phazi liponde motani. N'chifukwa chake bambo akukugwirani mwamphamvu koma kapu ikuwaphonya. Ndipo mbali yamanzere ya cerebellum ikavulala, vuto limaonekera kumanzere komweko, pomwe trombose ya ubongo waukulu imagwira mbali inayo.

Chimene ndikukufulumizitsirani ndi ichi. Kutsogolo kwa cerebellum kuli tsinde la ubongo, lolumikiza ubongo ndi mtsempha wa mumsana. Kupuma, kugunda kwa mtima, kumeza ndi kukhala maso zimayendetsedwa pamenepo, ndipo mwa mitsempha 12 ya m'mutu, 10 imatulukira pomwepo. Malo ake ndi opanikizika kwambiri. Cerebellum yovulala imatha kutupa pakapita masiku awiri, atatu kapena anayi, n'kuyamba kufinya tsindelo. Munthu amene dzulo amacheza nanu amayamba kuodzera, kuona zinthu ziwiriziwiri, kutsamwa ndi madzi, kenako osadzukanso bwinobwino.

Ngati akutsamwa musawakakamize phala kapena madzi, zimalowa m'mapapo. Musawapatse aspirini asanapimidwe, chifukwa ngati mtsempha waphulika muonjezera kukha magazi. Panjira agone chammbali. Katoni ya mapiritsi amene anasiya aja muitenge.

MalumeWaZóbuè

Za kachasuzo zisiyeni, anthu sasowa chonena. Mowa umagwiradi malo omwewo, ndiye chifukwa chake woledzera amadzandira, koma kukacha amayenda bwino. Mkulu wanga anamwa zaka zambiri, kudya osadya, mpaka anayamba kuyenda motangadza miyendo ngakhale asanalawe kalikonse. Zinabwera pang'onopang'ono, miyezi ndi miyezi, ndipo zinagwira miyendo, manja anali bwino. Kuchipatala anamupatsa vitamini B1 n'kumuuza kuti asiye mowa. Za bambo anuzi zagwa tsiku limodzi, mbali imodzi. Si zofanana.

MayiWaTsangano

Pepani mwanawe. Inenso chizungulire chinandivutapo, anati ndi vuto la m'kati mwa khutu. Ndikatembenuka pamphasa nyumba imazungulira, koma mphindi isanathe zaleka. Mwina ndi zomwezo? Azakhaliwo musakangane nawo, auzeni kuti tiyambe kaye tapita kuchipatala. Akakhale nawo m'galimoto momwemo, akaone okha.

NamwinoWaMoatize

Mayi, cha m'khutu chija chimachitikadi kwa anthu ambiri, koma sichikoka mawu ndipo sichisokoneza dzanja. Zikaphatikana ndi kulephera kuima, timaganiza za ubongo mpaka titatsimikiza kuti si umenewo.

Achimwene, mukafika musangoti "ali ndi chizungulire", angaganize za malungo basi. Nenani ola limene zinayamba, kuti akugwera mbali imodzi, ndi kuti anasiya mankhwala a tensão. Akawauza kuti akhudze mphuno ndi chala, kenako chala cha dokotala, muonetsetse dzanja lamanzerelo.

MwanaWaDomue

Zikomo nonse. Tafika madzulo ano pa galimoto ya mnzanga yonyamula mbatatesi. Tensão aipeza yokwera kwambiri, malungo alibe. Chala chamanzere chimaphonyadi mphuno. Awagoneka, ndipo akuti alemba kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu ku Tete. Aletsa kuwapatsa chakudya mpaka ataona mmene akumezera, ndiye azakhali akhala panja ndi poto wawo wa phala, akudandaula. Amene munasamalirapo wodwala chonchi, kuyenda kumabwerera pakapita nthawi yaitali bwanji, ndipo masewero olimbitsa thupi amayamba liti?