Thandizeni: mbiri ya gofu wa ku Sun City m'mphindi 7 zokha

Nangozo: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi mtolo wanga. Abwana andipatsa mphindi 7 pa pologalamu ya Loweruka kuti ndifotokoze mbiri ya Nedbank Golf Challenge, mpikisano wa gofu uja umachitikira ku Sun City ku Joni chaka chikamatha. Ndalemba kawiri, ndipo kawiri konse pepala labwerera lofiira ndi bolopeni. Koyamba akuti agogo akumudzi sangatolepo kanthu. Kachiwiri akuti ndanama pa ndalama. Ine ndinayamba chonchi: "Kuyambira 1981, wopambana pa mpikisanowu wakhala akutenga madola 1 miliyoni, n'chifukwa chake unkatchedwa Million Dollar Challenge." Bodza lili pati apa? Komanso akufunsa kuti ndi chionetsero kapena mpikisano weniweni, ndisankhe mawu amodzi.

aGama: Gofu pa wailesi ya Chichewa? Achemwali, musanamalize moni anthu adzakhala atapotokola kale kukasaka zigoli za dzulo.

Nangozo: Achimwene inu, ndapempha thandizo, osati maliro.

aPhiri: Mwanawe, abwana akowo sanalakwe. Miliyoni ya 1981 inali thumba lonse, osati ya munthu mmodzi. Anaitanidwa anthu asanu okha: Jack Nicklaus, Gary Player, Lee Trevino, Seve Ballesteros ndi Johnny Miller. Miller ndiye anapambana ndipo anatenga theka, madola 500,000, enawo n'kugawana zotsalazo. Chaka chimene miliyoni yonse inagwera m'thumba limodzi ndi 1987, ndipo anaitola ndi Ian Woosnam wa ku Wales. Kuchokera pamenepo mpomwe mphoto ya wopambana inakhazikika pa miliyoni, enawo akumalandiranso zawo, mpaka mu 2000 pomwe inakwera kufika 2 miliyoni, Ernie Els n'kuitenga. Ndiye chiganizo chakocho chalumpha zaka zisanu ndi chimodzi. Usachione chochepa. Ine ndili mnyamata ndinasokonezapo chaka cha nkhonya inayake pa wailesi ina, bambo wina anakwera njinga kudzafika pageti ndi nyuzipepala yakale itapindidwa m'thumba la jekete. Omvera amene amadziwa chinthu sakhala ambiri, koma ndi amene amabwera pageti.

Nangozo: Zikomo bambo. Ndiye kuti ndinasakaniza thumba ndi mphoto. Nanga za chionetserozo?

Nabanda: Apo ndilowepo ine, poti ntchito yanga n'kulimbana ndi mawu. Ukanena kuti chionetsero basi, munthu aganiza za masewero opima mphamvu, aja osewera amangothamanga mosamala miyendo. Sizinali choncho, anthu ankalimbirana ndalama zenizeni, zochuluka kuposa zimene mipikisano ikuluikulu ya nthawi imeneyo inkapereka. Koma ukangoti mpikisano, wabisanso kanthu. Munthu sankalowamo chifukwa chopambana ndime zachipulula, ankachita kuitanidwa. Kwa zaka zambiri ankakhala anthu 12, palibe wotuluka pakati, aliyense ankasewera masiku onse anayi n'kubwerako ndi kenakake. Ndipo European Tour, ligi ya gofu ya ku Ulaya, sinkauwerengera pa mndandanda wake mpaka 2013, pomwe osewera anawonjezedwa kufika 30. Mu 2016 anafika 72. Ine ndikanati "mpikisano wa oitanidwa okha" pofotokoza zaka zoyambazo, kenaka n'kunena poyera kuti mu 2013 unasanduka mpikisano wa mu ligi monga ina yonse. Mawu oti ligi omvera ako amawadziwa.

aGama: Ndiye kuti unali ngati bonanza.

Nabanda: Mwaona, mukafuna mumaganiza bwino. Bonanza ndi mawu abwino kwambiri, matimu ochepa oitanidwa, wothandiza ndi ndalama mmodzi, chikho chake chosakhudza ligi. Mng'ono wanga, tenga mawu amenewo, koma uwanene kamodzi kokha monga fanizo.

aMbewe: Pepani ndachedwa, ndinali pa shifiti. Ine ndili ku Rustenburg kuno, Sun City ndi ulendo wosakwana ola pa galimoto, ndipo ndinalowako kawiri nthawi ya mpikisanowu kukathandiza anzanga ojambula. Chimene mapepala sangakuuzeni ndi kutentha. Malowo ali m'mphepete mwa mapiri a Pilanesberg, dzuwa la kumeneko limachita kuwotcha m'khosi, kenaka masana mitambo n'kuda, mabingu, sayirini n'kulira kuti aliyense achoke pabwalo chifukwa ndodo zachitsulo ndi mphezi sizimvana. Udzu wake ndi kikuyu, wonga kapinga wathu koma wokhuthala. Mpira ukagwera m'mbali momwe sanatchetche umamira, umangooneka kamsonga koyera, ndipo munthu akaumenya udzu umagwira ndodo ngati dzanja. Ndinaima pafupi ndi dzenje lachisanu ndi chinayi, lija lazunguliridwa ndi madzi. Wosewera amaima patali kuganiza kuti ndiwoloke ndi kumenya kumodzi kapena ndiyandikire kaye, womunyamulira chikwama akumunong'oneza, khamu lonse lili zii. Mpira ukagwa m'madzi mumangomva "aaah" kuchokera mbali zonse. Ngati mukufuna kuti agogo akumudzi amve gofu, apatseni kamphindi kameneko, osati mndandanda wa mayina.

Nangozo: Ankolo, izi ndiye ndimazisowa! Mungandijambulire mawu anu a masekondi 40 pa WhatsApp mukufotokoza zomwezi? Ndidzawaika pakati.

aMbewe: Mawa m'mawa, ana asanadzuke kudzasokosa.

aPhiri: Tsopano funso langa ndi ili. Pa zimene walembazo, wanenapo chifukwa chimene munthu anaikira miliyoni ya madola pa masewero a anthu asanu, kutchire, mu 1981?

Nangozo: Ndinangoti mwini hotela, Sol Kerzner, ankafuna kukopa alendo. Zandale abwana anati ndisalowemo, ndi pologalamu ya zamasewero.

aPhiri: Apo ndiye pali mtima wa nkhani, ndipo ukapachotsa utsala ndi chikopa. Sun City inatsegulidwa mu 1979 m'dera lotchedwa Bophuthatswana, limodzi mwa madera amene boma la tsankho linadulira anthu akuda n'kumati ndi mayiko odziimira paokha. Ufulu wake wa 1977 palibe dziko lina linauvomereza kupatula South Africa yemweyo. Ku South Africa juga ya m'makasino inali yoletsedwa, koma ukangowoloka malire abodzawo inali yololedwa, ndiye azungu a ku Johannesburg ndi Pretoria ankakhamukira kumeneko kumapeto kwa sabata. Nthawi yomweyo dziko lapansi linali litasala South Africa pa zamasewero, ku Olympics kulibe, mpira wa FIFA kulibe, ndipo United Nations inkalemba mayina a osewera opita kumeneko. Katswiri wa ku America kapena ku Ulaya sakanabwera chifukwa cha ulemu wa chikho, poti chikhocho chinalibe mbiri. Chimene chikanamukweza ndege ndi ndalama yoti akaimva asagone tulo. Miliyoniyo inali mtengo wogulira anthu otchuka kuti aoneke pa malo amene ena ankawakana. Sukufunika kutukwana munthu, ungonena zimene zinalipo. Ndipo ife Amalawi tisadziyeretse pofotokoza, boma la Kamuzu linatsegula ubale wa ukazembe ndi Pretoria mu 1967 anzathu onse akukana. Koma izo ndi za pologalamu ina, usaziike.

aGama: Madala ayamba kalasi ya mbiri. Mphindi 7 zatha kale apa.

aPhiri: Ziganizo zitatu zikwana, aGama. Inu mumatha mphindi ziwiri kufuula dzina la wogoletsa mmodzi.

Nabanda: Ndikugwirizana ndi bambo Phiri, koma abwana ako uwafikire mwanzeru. Usawauze kuti ukuika zandale. Uwauze kuti womvera adzafunsa yekha kuti ndalama zonsezo zinali za chiyani, ndipo pologalamu ikapanda kuyankha idzaoneka yoperewera. Bophuthatswana inatha mu 1994, lero malowo ali m'chigawo cha North West, palibe amene angakuimbire foni kudandaula.

Tsono za kawerengedwe. Osayerekeza kumasulira mawu onse a gofu, udzamira. Chofunika womvera adziwe chinthu chimodzi: pa gofu wopambana ndi amene wamenya mpira kochepa. Bwalo lili ndi maenje 18, ndipo pa bwalo la Gary Player Country Club, pomwe mpikisanowu umachitikira, katswiri amayembekezeka kuwamaliza ndi kumenya ka 72. Masiku anayi ndi 288. Ukafuna chitsanzo tenga Nick Price wa ku Zimbabwe mu 1993: anamaliza ndi 264, kutanthauza kuti anapulumutsa mikwapulo 24, ndipo womutsatira anatsalira ndi 12. Ameneyo analinso wa ku Zimbabwe, Mark McNulty, yemwe anali atapambanapo mu 1986. Omvera ako a ku Harare ndi Bulawayo adzasangalala.

aGama: Mikwapulo? Tili kusukulu ya pulayimale?

Nabanda: Bweretsani anu abwino.

aGama: "Anamenya ka 264." Basi. Mneni akwana, dzina silikufunika. Ndipo akalepherana asanene zambiri, angoti anapita kumapenate a gofu, dzenje limodzilimodzi mpaka wina apunthwe.

Nabanda: Ndagonja, "anamenya ka" ndi Chichewa chabwino kuposa changa.

aMbewe: Pa mapenatewo pali nkhani ziwiri zokoma. Chaka choyamba chomwecho Miller ndi Ballesteros analepherana, ndipo anasewera maenje ena 9 asanapezeke mwini 500,000 ija. Ina ndi ya 1998, Price yemweyo anagwetsa Tiger Woods pa dzenje lachisanu la mapenate. Kuno akuluakulu amaikambabe imeneyo. Dzina la Tiger ndi lokhalo la gofu limene ngakhale wokwera kabaza amalidziwa, ndiye ndikanakhala ine ndikanayambira pamenepo.

Nangozo: Taonani ndakonza chonchi poyambira: "Mu 1998, Tiger Woods, amene dziko lonse linkamuopa pa gofu, anabwera ku Sun City n'kugonja kwa munthu wa ku Zimbabwe, Nick Price. Koma kodi chinkakokera akatswiri otere kumapiri a Pilanesberg chinali chiyani? Tibwerere ku 1981, pomwe anthu asanu okha anaitanidwa kudzalimbirana thumba la madola 1 miliyoni." Kenaka ziganizo zitatu za bambo Phiri, mawu a ankolo a ku Rustenburg, Woosnam ndi miliyoni yake, ndi kusintha kwa 2013. Ndawerenga mokweza ndi wotchi, zakwana mphindi 7 ndi masekondi 50. Ndichotse chiyani?

aPhiri: Watchula opambana angati?

Nangozo: Khumi ndi anayi.

aPhiri: Siya asanu. Miller, Woosnam, Price, Els, ndi mmodzi wa zaka zaposachedwa, kaya Tommy Fleetwood amene anapambana mu 2019 n'kudzatetezanso mu 2022, poti zaka ziwiri zapakatizo mliri wa Covid unaimitsa mpikisanowu. Masekondi 50 ako ali m'mayina enawo.

Nabanda: McNulty asachoke, ali m'chiganizo chimodzi ndi Price.

aPhiri: Chabwino, asanu ndi mmodzi.

Nangozo: Zatheka, 6:55. Ndatumiza kwa abwana. Chotsala chimodzi, Ballesteros amatchulidwa bwanji? Ndisakachite manyazi pa mayikolofoni.

aMbewe: Ma L awiriwo amamveka ngati Y. Ba-ye-ste-ros. Ukaona kuti lilime likukana, ungoti Seve, kunonso aliyense amangomutchula choncho.