Zimbale zakale za underground: bwanji zina zimasowa, nanga makaseti tiwapulumutse bwanji?

Kachere97:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi katoni ya makaseti ndi ma CD a hip hop ya underground ya ku New York, nthawi ija ya makampani a zimbale a Rawkus ndi Fondle 'Em: Funcrusher Plus ya Company Flow, Soundbombing, Operation: Doomsday ya MF DOOM. Mtima unatsalira komweko basi. Bwanji zimbale zina za nthawi imeneyo zimasowa pa intaneti, kapena ukazipeza zimamveka mosiyana? Nanga makasetiwa ndingawalowetse bwanji mu kompyuta asanatheretu?

Namadzi_Beats:
Achimwene, nkhani yagona pa ma sample. Anyamata aja ankadula zidutswa za zimbale za jazz ndi soul osapempha eni ake, poti chimbale chotuluka makope ochepa palibe ankachilondola. Chikangotchuka ndiye maloya amatulukira. Onani Internal Affairs ya Pharoahe Monch ya 1999: nyimbo ya Simon Says inatenga malipenga a mu filimu ya Godzilla, kampani ya Toho, eni ake a filimuyo, inasuma, chimbale n'kuchotsedwa pamsika. Chinadzabwera pa intaneti mu 2019. A De La Soul, ngakhale anali otchuka kale, zimbale zawo zoyamba zinadikira mpaka pa 3 March 2023, ndipo ma sample ena anachita kuwaimbanso mwatsopano. Ndiye mukamva nyimbo ikusiyana ndi ya pa kaseti yanu, si makutu ayi. Chinanso, makampani ake anatha. Fondle 'Em inatseka mu 2001, Definitive Jux inaima mu 2010. Kaseti yanuyo isungeni.

Mai Tepi:
Za makaseti, musathamangire kuseweretsa. Yambani mwayang'ana tepi pa kawindo kaja. Ngati pali chuku choyera, imeneyo ipatuleni, ingapatsire zinzake ndi makina omwe. Kenako onani kansalu kakang'ono kamene kamakhala kuseri kwa tepi, pakati penipeni pa kaseti. Guluu wake akauma kamagwa, tepi sigunda bwino mutu wa makina (kachitsulo kowerenga mawu pa tepi), mawu n'kumamveka ngati woimba ali m'chitsime. Mutha kuchotsa pa kaseti ina yakufa n'kumata. Ndiye pititsani tepi mpaka kumapeto n'kuibweza kamodzi kuti imasuke. Ikalimba, cholembera cha Bic chija chikugwirabe ntchito.

Makina akhale deck yeniyeni yokhala ndi line out, osati tiwailesi totchipa ta USB, timathamanga mosakhazikika. Pukutani mutu, kachitsulo kozungulira ndi kagudumu ka labala ndi thonje lonyowetsa mu isopropyl. Spiriti wa pepo uja ayi, amasiya utoto. Tepi imayenda masentimita 4.76 pa sekondi, ndiye lamba wa mkati mwa makina akatamuka liwiro limasinthasintha ndipo piyano imamveka ngati yaledzera. Lamba ameneyo sakonzeka, ngosintha.

Chimene ambiri sachidziwa ndi kasikuluu ka pambali pa mutu, ka azimuth, kowongolera kapendekedwe ka mutuwo. Makaseti ambiri amene ankazungulira kuno anali okopera, aliyense pa makina ake, choncho mutu wa makina anu sungagwirizane ndi onse. Ikani mawu pa mono, tembenuzani kasikuluuko pang'onopang'ono mpaka ma hi-hat amveke akuthwa, pamenepo siyani. Kaseti iliyonse payokha. Batani la Dolby, lochepetsa mluzu wa tepi, muyatse pokhapokha ngati kasetiyo inajambulidwa nayo, apo ayi mawu okwera onse afa.

Waya uchoke pa line out kupita pa line in. Pa bowo la maikolofoni mawu amasweka. Mu pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity sankhani 44.1 kHz ndi 24-bit, pofuula kwambiri pasapitirire -6 dB. Jambulani mbali yonse kamodzi, C-90 ndi mphindi 45 mbali imodzi, nyimbo muzidula pambuyo. Sungani mu FLAC, mtundu wa fayilo wosataya mawu. MP3 ikhale ya pa foni chabe.

Chikuse SP:
Mai Tepi mwatha zonse, koma ndionjezere chenjezo: batani la noise reduction, lochotsera phokoso pa kompyuta, mulipewe, kapena mulikhudze pang'ono zedi. Anthu amafuna kuchapa nyimbozi mpaka mbee, osadziwa kuti litsirolo ndi la dala. SP-1200, sampler yodulira ma sample imene opanga ma beat ambiri a ku New York ankagwiritsa ntchito, ndi ya 12-bit, 26.04 kHz, ndipo imasunga masekondi 10 okha. Pofuna kuti sample ikwane, chimbale cha 33 ankachiseweretsa pa 45, kenako n'kutsitsa liwiro mkati mwa makina. Kutsitsako ndi kumene kumabala kakulira kamchengamchenga kaja pa malipenga ndi bass. Kompyuta sisiyanitsa mchenga umenewo ndi mluzu wa tepi, imasesa zonse, snare n'kutsala yopanda mano. Ngakhale pa chimbale cha Madvillainy cha 2004, ma beat ena Madlib anawapangira ku hotela ku Brazil pa ka sampler kakang'ono ka SP-303. Mukufuna kuyeretsa chani pamenepo?

Kachere97:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga ma CD? Ena ndi owotcha.

Namadzi_Beats:
Yambani ndi owotchawo, ndiwo amafa msanga, utoto wake umafwifwa ndi dzuwa ndi kutentha. Gwiritsani pulogalamu yokopera ma CD ya Exact Audio Copy pa secure mode, imabwereza kuwerenga pamene pakalika. Popukuta muziyambira pakati kupita kunja, osazungulira. Mbali yoopsa ndi ya pamwamba yolembapo ija: ikakalika mpaka kuwala kumadutsa, nyimbo ya pamenepo yapita.