Zija za mauthenga a ma virus pa laputopu, zatheka

Sabata yatha ndinafunsa za laputopu ya mayi anga aang'ono, imene inkangotulutsa mauthenga ofiira pakona yakumanja, akuti mwapezeka ma virus asanu, lipirani msanga kapena imbani pa nambala yakutiyakuti. Zatheka tsopano, ndiye ndati ndikuuzeni mmene zinayendera.

Inu amene munati vuto lili mu Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, munalasa ndithu. Mwana wina pakhomopo anadina Allow pa tsamba lina la mafilimu, basi tsambalo linapeza chilolezo chotumiza ma notification, n'kumawapanga kuti azioneka ngati akuchokera ku Windows. Ndinalowa mu Settings, Privacy and security, Site settings, kenako Notifications. Ndinapezamo masamba atatu achilendo, n'kuwachotsa onse, ndipo mauthenga aja anangoti zii pomwepo.

Koma panalinso kena. Mayi anali atadina kale kamodzi pa mauthenga aja, ndiye kapulogalamu kena kodzitcha kotsuka kompyuta kanalowa. Kankakanirira kuchoka mpaka ndinayatsa laputopuyo mu Safe Mode, mmene Windows imadzuka ndi mapulogalamu ofunikira okhaokha, m'pamene kanalola. Pomaliza ndinayendetsa Microsoft Defender Offline, ija imazimitsa makina n'kufufuza Windows isanadzuke. Inatenga mphindi ngati 15.

Nambala ija mayi sanaimbe, osati chifukwa chochenjera ayi, analibe mayunitsi basi. Ndawauza kuti chenjezo lenileni la Microsoft silikhala ndi nambala ya foni. Mapasiwedi a imelo ndi Facebook tasintha dzulo, ndipo mwana uja tamutsegulira akaunti yakeyake yosatha kuikamo mapulogalamu.