Manambala akubwerezeka pa makadi a bingo, ndithandizeni

Moni nonse m'gulu muno, mwaswera bwanji?

Ndine mayi wa pa Dedza boma. Ndikaweruka kuntchito ndimapanga makadi a bingo n'kumagulitsa kwa amayi a mipingo akakhala ndi zochitika zopezera ndalama, komanso kwa aphunzitsi a sukulu za mkaka. Ndimapanga aja a manambala 75: mabokosi 25, lapakati lopanda nambala, pamwamba pali zilembo B, I, N, G, O; pansi pa B pamakhala 1 mpaka 15, pa I 16 mpaka 30, choncho mpaka O wa 61 mpaka 75.

Vuto ndi lakuti manambala akumabwerezeka. Loweruka lapitali ndinapereka makadi 60 ku Linthipe, ndiye pa khadi lina 22 analipo kawiri pansi pa I. Mayi mwini khadilo anakuwa kuti wawina, anzake n'kukana, phokoso lake losasimbika. Manyazi anandigwira, ndinabweza theka la ndalama.

Ndimagwiritsa ntchito Excel 2016 pa laputopu yakale. Ndinayesa RANDBETWEEN, fomula ya mu Excel yosankha manambala mwachisawawa, koma ndi yomwe ikubweretsa zobwerezazi, ndipo ndikangolemba kanthu m'bokosi lina manambala onse amasintha. Ndinayesa kulemba pamanja, makadi 20 okha ananditengera usiku wonse, zala zitauma ndi kuzizira kwa kunoku. Pa intaneti makadi aulere ndi ochepa, ena amafuna khadi la kubanki lomwe ndilibe.

Kodi pali fomula yoti nambala isabwerezeke pa khadi limodzi, komanso makadi 100 asafanane? Nanga manambalawo ndiwaimitse bwanji kuti asasinthe ndisanapulinte? Ngati alipo wodziwa kuno ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndikhoza kubwera nayo laputopuyo.