Thandizeni pa microeconomics: chimanga chikadula ndi pamene ogula amachuluka, ndiye lamulo la demand likugwira bwanji?

Chemwali_wa_pa_Nchalo

Mwaswera bwanji abale. Ine ndikupanga kosi ya microeconomics ya chaka choyamba pa intaneti, koleji yake ndi yakunja, timaonera mavidiyo kenako kwizi sabata iliyonse. Masana ndimakhala pa shopu ndiye kuwerenga ndi usiku kukazizirako, pa foni. Pano tili pa mutu wa demand (zimene ogula akufuna kugula) ndi supply (zimene ogulitsa abweretsa pamsika) ndipo pali chinthu chikundizunguza mutu. Alekichala akuti mtengo wa chinthu ukakwera anthu amagula zochepa, akuti limeneli ndi lamulo. Koma ine ndimaona ndi maso anga pamsika pano, Meyi ndi Juni chimanga chimakhala chotchipa koma ogula ndi ochepa, ikafika Januwale mtengo uli m'mwamba ndi pamene anthu amadzadza kwa mavenda ndi timajumbo, ena kukafola ku ADMARC. Ndiye lamuloli ndi la kwa azungu kokha kapena? Zitsanzo zawo zonse ndi za khofi, pizza ndi petulo wa ku America basi. Komanso sabata yamawa tiyamba elasticity, amene munadutsamo chonde ndiunikireni.

MphunzitsiBangula

Achemwali funso lanu ndi labwino kwambiri ndipo pamenepa ndi pamene ambiri amagwera pa mayeso. Lamulolo limagwira ngakhale kuno, koma lili ndi mawu ena amene alekichala amangowatchula mothamanga, akuti zina zonse zikhale chimodzimodzi. Ndiye dzifunseni, Juni ndi Januwale zina zonse zili chimodzimodzi? Ayi. Mu Juni anthu ali ndi chakudya m'nyumba, wina chimanga, wina mapira, wina mchewere, sapita kumsika ngakhale chitchipe bwanji. Pofika Januwale matumba aja atha, anthu omwe aja amene ankagulitsa asanduka ogula. Pa gilafu ya mtengo ndi kuchuluka kwa zogulidwa, mzere wonse wa demand wasuntha kupita kumanja, pa mtengo wina uliwonse ofuna kugula ndi ambiri kuposa mu Juni. Inu mukufananiza mizere iwiri yosiyana ngati kuti ndi umodzi.

Kuti muone lamulo lenileni yang'anani tsiku limodzi lomwelo la Januwale. Venda akakweza mtengo wa chigoba lero, mayi amene amafuna zigoba zinayi atenga zitatu, wina atenga mgaiwa wa lero lokha. Kumeneko ndiye kuyenda pa mzere umodzi, pa kwizi adzalemba kuti change in quantity demanded. Kusuntha kwa mzere wonse adzalemba kuti change in demand. Mawu awiriwa alowezeni mpaka muziwalota.

Mbali ya supply nayo imasuntha. Kumbukirani Januwale wa 2022 namondwe Ana atadula msewu wa M1 ku Chikwawa, magalimoto ochokera ku Blantyre osatsika, katundu m'magolosale anakwera pompo. Anthu sanayambe kukonda sopo kapena mafuta ophikira mwadzidzidzi, katundu ndi amene anachepa, mzere wa supply unapita kumanzere. Njira yachidule ndi iyi, mtengo ndi kuchuluka kwa zogulidwa zikakwerera limodzi ganizani kaye za demand, mtengo ukakwera koma zogulidwa n'kutsika ganizani za supply.

Kabaza_Economist

Aphunzitsi anena zoona. Ine ndiwonjezere pa elasticity poti ndinapanga kosi ngati yomweyi, musaope fomula sisi, funso lake ndi limodzi basi, mtengo ukasintha ndi maperesenti akuti ogula amathawa ndi maperesenti angati. Tiyeni tipange manambala ongoyerekeza. Ndowa ya chimanga yachoka pa K10,000 kufika K15,000, banja limene limagula ndowa 4 pamwezi layamba kugula 3. Makosi ambiri amafuna njira ya midpoint, kutanthauza kuti mumagawa ndi nambala yapakati. Ndowa zatsika ndi 1, pakati pa 4 ndi 3 pali 3.5, ndiye 1 kugawa ndi 3.5 ndi pafupifupi 29 peresenti. Mtengo wakwera ndi 5,000, pakati pali 12,500, ndiye 40 peresenti. Kenako 29 kugawa ndi 40 mupeza pafupifupi 0.7, ili pansi pa 1 ndiye ndi inelastic, kutanthauza kuti ogula sathawa kwambiri mtengo ukakwera.

Tsopano onani chimene chikupweteka pamenepa. Poyamba banja lija limatulutsa K40,000, pano likutulutsa K45,000 koma likudya zochepa. N'chifukwa chake wogulitsa chimanga nthawi ya njala sadandaula kuti ogula achepetsa, ndalama zake zikukwerabe. Yesani zomwezo ndi tomato pa Thabwa kapena pa Dyeratu, mukakweza nokha anthu angosunthira pa benchi ya mnzanu chifukwa tomato wake ndi yemweyo. Chimene chimapangitsa kusiyanaku kwambiri ndi choti pali cholowa m'malo kapena palibe. Kwathu kuno mbatata za kudimba zikakhalapo anthu amapumako, zikasowa ndi pamene mumamva kuti ku Nsanje anthu alowa m'madambo kukafuna nyika.

Ndipo taonani mbuzi nyengo yomweyo. Aliyense akufuna ndalama ya chimanga ndiye aliyense wakoka mbuzi kupita nayo kumsika tsiku limodzi, supply yapita kumanja, mtengo wa mbuzi wagwa pa nthawi imene chimanga chakwera. Mbuzi imene mu Juni ikanagula thumba lathunthu pano ikugula zochepa. Ine nditajambula magilafu awiriwa moyandikana ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chimene makolo athu amasaukira kawiri m'miyezi imeneyi, ndipo zinandikhudza kwambiri.

Za data, mavidiyo muzichita dawunilodi usiku netiweki ikamayenda bwino, muchepetse kwalite, chofunika ndi mawu ndi gilafu. Buku la OpenStax la microeconomics ndi laulere, mukalitenga kamodzi pa PDF muziwerenga opanda bandulo. Koma gilafu muzijambula nokha pa pepala ndi pensulo, kungoyang'ana pa sikirini sikulowa.

Chemwali_wa_pa_Nchalo

Zikomo kwambiri aphunzitsi, zikomo achimwene, za mbuzizo ndazijambula pompano ndipo zatuluka. Koma ndifunsenso, ndaona kutsogolo m'manotsi muli chinthu akuti Giffen good, chinthu choti mtengo ukakwera anthu amagula zambiri. Chimanga chathu si chimenecho?

MphunzitsiBangula

Musathamangire kulemba choncho pa mayeso. Maganizo ake ndi akuti banja losaukitsitsa, chakudya chake chachikulu chikadula limasiya ndiwo zodula ngati nyama n'kuika ndalama yonse pa chakudya chachikulucho kuti mimba idzadze, mpaka kugula chochuluka kuposa kale. Akatswiri awiri, Robert Jensen ndi Nolan Miller, anapeza umboni wa zoterezi pa mpunga m'mabanja osauka ku Hunan ku China, zinasindikizidwa mu 2008. Koma zimafunika kuti banjalo likhale ndi chinthu chodula choti lisiye. Amene akudya kale nsima ndi masamba okha alibe choti asiye, mtengo ukakwera amangodumpha chakudya chamasana. Zimene mumaona mu Januwale zija ndi kusuntha kwa mzere basi.

Agogo_aThonje_Ngabu

Ana inu mwalongosola bwino koma ine ndili ndi mawu pang'ono, ndalima thonje kuyambira ndili mnyamata ndipo mdzukulu wanga ndi amene anandionetsa za maphunziro amenewa. Mutu woyambawo umanena za msika wa ogula ambiri ndi ogulitsa ambiri woti palibe mmodzi angalamule mtengo. Wa tomato uli choncho, inde. Koma wa thonje suli choncho mwanangu. Alimi tilipo ambirimbiri, makampani ogula ndi owerengeka, ndipo thonje sungaphike, ukalisunga m'nyumba ana agona ndi njala. Ndiye mukafika pa mutu wa price floor, mtengo wotsikitsitsa umene boma limalola, samalani. Chaka chilichonse unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, buku lidzakuuzani kuti mtengo wotere ukaikidwa pamwamba katundu amatsala osagulidwa. Zimenezo ndi zoona pa msika wa ogula ambiri. Koma ogula akakhala ochepa oti amatha kupondereza mtengo, mtengo wa bomawo ukhoza kumukweza mlimi popanda katundu kutsala, bola usapitirire muyezo komanso pakhale oulondola, chifukwa kumudzi venda amabwera ndi sikelo yake ndi ndalama m'manja, mlimi mwana akudwala, amagulitsa pa mtengo uliwonse.

Msika wotere ukafika poti wogula ndi mmodzi yekha dzina lake akuti monopsony, mayi wina wa ku England, Joan Robinson, ndi amene analitchukitsa mu 1933. Inu muli pa Nchalo pomwepo chitsanzo chili pakhomo. Alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndi ku Phata nzimbe zawo zimapita ku fakitale imodzi ya shuga ya Illovo, chigwa chonse chino ilipo yomweyo, ndipo nzimbe ukadula siyidikira, shuga wake amayamba kutsika, komanso ndi yolemera sungapite nayo kutali. N'chifukwa chake mtengo wake sauchita kunenerera pamsika ngati wa tomato, amagwirizana pa kontilakiti, ndipo alimi amakhala m'magulu kuti azilankhula ndi mawu amodzi. Mitu imeneyi imakhala chakumapeto kwa kosi pamene ambiri atopa, inu musadzaidumphe, ndi imene ikukhudza mlimi wa kuno kwambiri.

Chemwali_wa_pa_Nchalo

Agogo zikomo, ndaona pa pulogalamu ya kosi mutu wa monopoly (msika wa wogulitsa mmodzi) ndi monopsony ulipo chakumapeto ndithu. Asayimenti yomaliza akuti aliyense asankhe msika umodzi aufotokoze, ine nditenga wa thonje. Ngati mungalole ndidzabwera ku Ngabu tsiku la msika ndidzakufunseni bwinobwino mmene magiredi ndi sikelo zimayendera, komanso ngongole ya mbewu ndi mankhwala amaidula bwanji pogula. Achimwene a kabaza, ndikayesa mafunso a elasticity ndidzaika mayankho anga pano mudzandionereko.