Liwiro la ndege zankhondo: ndilembe nambala iti pa bolodi?

Mphunzitsi wa umakaniko wa ndege: Anzanga, ndithandizeni. Lolemba ndiphunzitsa za supercharger, kachipangizo kopanikiza mpweya wolowa mu injini, ndipo ndimafuna kuyamba ndi tebulo la ndege zankhondo za injini ya pisitoni za m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, yothamanga kwambiri ikhale pamwamba. Koma buku lililonse lili ndi nambala yakeyake. P-51D Mustang pena 437, pena 703, pena 380. Spitfire nayo ikuyambira cha m'ma 360 mpaka kudutsa 600. Mutu wandizungulira.

Makaniko wa ku Chileka: Aphunzitsi, za Mustang musadandaule nazo, ndi liwiro limodzi lomwelo. 437 ndi mamailosi pa ola, 703 ndi makilomita, 380 ndi ma knot, mamailosi a panyanja pa ola. Sankhani makilomita basi. Za Spitfire ndiye funsani kaye kuti Spitfire yake iti. Mk I ya mu 1940 inkafika cha m'ma 580 km pa ola, pomwe Mk XIV ya injini ya Griffon inkafika pafupifupi 720. Dzina limodzi, ndege ziwiri zosiyana kutalitali.

Injiniya wopuma pantchito: Mwanawe wayankha bwino. Ya mamailosi 600 ija ichotseni. Imeneyo ndi ya ku Farnborough ku England komwe ankayesa Spitfire yojambula zithunzi, PR XI, poitsitsa chamutu kuchokera m'mwamba. Mu 1944 ina propeller yake inathothoka ili m'mlengalenga, woyendetsa n'kuitera yopanda propeller. Kutsika chamutu si liwiro la injini. Tebulo lanu likhale la ndege youluka osakwera osatsika.

Koma chimene chandikhudza ndi ichi: nambala ya liwiro yopanda utali wa m'mwamba siphunzitsa kanthu. Mustang ija inkafika 703 ili pa mapazi 25,000. Hawker Tempest V inkafika pachimake munsi, cha pa mapazi 18,000, ndipo chapafupi ndi nthaka inkaisiya Mustang. N'chifukwa chake mu 1944 ndi imene inagwetsa mabomba ouluka a V-1 ambiri, poti mabombawo ankadutsa munsi. Mukangondandalika manambala, ana aona ngati Tempest inali yofooka, pomwe inapangidwira ntchito ina.

Mayi wa ma instrument: Ndiwonjezereko za geji, poti ndi gawo langa. Pa mapazi 25,000 mpweya umakhala wochepa kuposa theka la wa pamphepete pa nyanja yamchere. Pitot, kapaipi kopereka mpweya ku geji ya liwiro, imamva kukankha kwa mpweya, siimva liwiro lenileni. Ndiye Mustang ikamathamanga mamailosi 437, singano ya woyendetsa imaloza cha m'ma 290. Mabuku ambiri amalemba true airspeed, liwiro lenileni la ndege mu mpweya, koma nkhani za oyendetsa ndege nthawi zambiri zimatchula zomwe anaona pa geji. Musazisakanize.

Makaniko wa ku Lusaka: Ine ndikuti pamwamba ikani Dornier Do 335, injini ina kutsogolo ina kumbuyo, 763 km pa ola. Nkhani yatha.

Injiniya wopuma pantchito: Ayi achimwene, siinathe. Do 335 zinapangidwa zochepa kwambiri ndipo nkhondo inatha zisanagwire ntchito yeniyeni. Mukailola, mulolenso P-51H imene inabwera mochedwa, ndi XP-47J yoyeserera ija imene akuti inadutsa mamailosi 500 mu 1944. Zimenezi zikhale pazokha. Ta 152H inamenyako nkhondo, koma 759 yake inali pa mamita 12,500, atatsegula GM-1, yothira nitrous oxide mu injini. Kumeneko ndi kumwamba kwambiri, nkhondo zambiri sizinkachitikira kumeneko. Ndipo manambala ambiri otere ndi a mphamvu ya mwadzidzidzi. Pa Mustang malire ake anali mphindi 5, kenako injini ikayenderedwe.

Mayi wa ma instrument: Aphunzitsi, poti phunziro ndi supercharger, chitsanzo chabwino muli nacho kale m'manja. Mustang yoyamba inali ndi injini ya Allison ya supercharger ya siteji imodzi, ikadutsa mapazi 15,000 mphamvu zinkatha. Ataiika injini ya Merlin ya supercharger ya masiteji awiri, thupi pafupifupi lomwelo, inakhala ndege yoperekeza ndege zoponya mabomba mpaka ku Berlin. Jambulani mizere iwiri pa girafu, liwiro ku mbali ina, utali ku mbali ina. Pa mzere wa Merlin aona pamene wapindika, pomwe giya yachiwiri ya supercharger ikulowa.

Mphunzitsi wa umakaniko wa ndege: Zikomo kwambiri nonse. Tebulo la mpikisano ndalisiya. Ndilemba mtundu weniweni wa ndege, injini, liwiro mu makilomita, utali wake, ndi ngati anagwiritsa ntchito mphamvu ya mwadzidzidzi. Zoyeserera zikhala pansi pazokha. Mayi, mawerengedwe a geji aja munditumizire usiku uno, ndikufuna ana awawerengere okha.