Bambo asiya kuona, wowasamalira tizimulipira ndi chiyani?

Mwana wa ku Chipoka:
Abale ndithandizeni nzeru. Bambo anga, msodzi kuyambira unyamata wawo, asiya kuona chifukwa cha shuga. Kuchipatala cha Kamuzu Central adokotala anatiuza mosabisa kuti maso sabwereranso. Ine ndimagulitsa usipa ku Kamuzu Road, sindingamakhale nawo tsiku lonse. Mnyamata amene amawaperekeza kubafa ndi kuchimbudzi ndimamupatsa K40,000 pamwezi, ndipo mpamba wanga ukuthera pomwepo. Kodi boma limalipirako wosamalira munthu wotere? Nanga kowaphunzitsa kuyenda okha kulipo?

Nachisale wa ku Lifuwu:
Pepani achimwene. Ndalama ya wosamalira ine sindinaionepo ikuchokera kuboma, zimathera pa ife achibale. Chomwe chilipo ndi Mtukula Pakhomo, koma sulembetsa wekha ngati ngongole ya banki mkhonde. Amasankha mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Poti inu muli ndi kageni, mwina akudumphani. Kafunsenibe kwa a Social Welfare kwa DC, mutatenga buku la bambo lakuchipatala.

Mphunzitsi wopuma, Khombedza:
Mwana wanga, ndalamayo ukuitaya. Mlongo wanga anasiya kuona ali wamkulu kale, ndipo chaka choyamba tinamuwononga ndife, kumugwira dzanja ngakhale pofuna kumwa madzi. Kenaka tinamanga chingwe kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi, chofika m'chiuno, ndi mfundo ziwiri pafupi ndi chitseko kuti azidziwa kuti wafika. Ndowa, mpando, mbale, chilichonse pamalo pake, ana akasuntha tinkawakalipira. Lero amasesa yekha pabwalo.

Ndodo yoyera yoyendera anthu osaona ndi kagwiritsidwe kake funsa a bungwe la anthu osaona la Malawi Union of the Blind kapena a bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA, omwe pano akutchedwa MACODA kutsatira lamulo la 2024 la anthu aulumali. Ndodoyo si yongogula n'kuwapatsa ayi, ili ndi kayendetsedwe kake. Ndalama ya mnyamata ya mwezi umodzi isandutse thiransipoti, ukalondole zimenezi.

Mwana wa ku Chipoka:
Zikomo bambo aphunzitsi. Zachingwe zandiseketsa, chifukwa zingwe za ukonde zangodzaza m'nyumbamo, ndipo mfundo amamanga bwino ndi iwowo. Dzulo madzulo ndinawapeza akupapasa ukonde wong'ambika wa aneba, akuti angausoke osayang'ana. Loweruka timanga. Mnyamatayo ndimuuza azibwera m'mawa mokha kaye.